Khofi sangalowe m'malo mwa inhela, tisanamizane

Pali uthenga wina umangozungulira m'mafoni mwathumu, umasowa miyezi ingapo kenako wabweranso, wina autumiza pa gulupu ya WhatsApp, wina auika pa Facebook ndi chithunzi cha kapu ikufuka nthunzi. Akuti munthu wa mphumu akabanika musavutike, ingomupangirani khofi wakuda wowawa bwino makapu awiri osathira mkaka, chifuwa chimasuka pompo. Sabata yatha unandipezanso, ndipo amene ananditumizira ndi munthu wabwino, amadziwa kuti mchemwali wanga wamng'ono wakhala ndi mphumu kuyambira ali mwana nde amaona ngati akutithandiza. Sindinamukalipire. Koma zinandikhala pamtima mpaka ndati ndilembe, chifukwa ife khofi ameneyu tinamuyesapo usiku wina ndipo tinangotsala pang'ono kuika maliro.

Chondivuta nchakuti uthengawu si bodza lamkunkhuniza ayi. Likanakhala bodza loonekeratu bwenzi aliyense akungoufufuta. Muli kachoonadi kake, ndipo kachoonadi kameneko nde kamapangitsa munthu wanzeru zake kuika ketulo pamoto nthawi yoti akanakhala ali panjira ya kuchipatala.

Nkhaniyi sinayambe ndi intaneti. Ku London kunali dokotala wina dzina lake Henry Hyde Salter, iyenso anali wa mphumu, ndipo mu 1860 anatulutsa buku lonse la matendawa, mmenemo anayamikira khofi wamphamvu, wakuda, wotentha, womwa m'mimba mulibe kanthu, kuti ndi chimodzi mwa zinthu zothandiza kwambiri wodwala akabanika. Theodore Roosevelt, amene anadzakhala pulezidenti wa America, ali mwana ankabanika usiku ndipo ankamumwetsa khofi wakuda. Zonsezi nzoona. Koma taonani chaka chakecho, 1860. Inhela yopopera mkamwa ija inatuluka mu 1956, salbutamol, mankhwala a mu inhela otsegula njira za mpweya amene ambiri timawadziwa ndi dzina loti Ventolin, anayamba kugulitsidwa mu 1969. Salter analibe zimenezi, ankagwira chilichonse chimene dzanja lake lafikira, ndipo nthawi yomweyo odwala mphumu ankauzidwanso kusuta fodya ndi masamba a chomera chotchedwa stramonium, Roosevelt yemweyo ankamusutitsa fodya ali kamwana kuti chifuwa chitseguke. Lero palibe kholo limene lingayatsire mwana wobanika ndudu, pamenepo tinaphunzira. Nanga za khofizi tazisungiranji ngati palibe china chinapezeka?

Chifukwa chake khofi amagwirako pang'ono nchodziwika. Kafeini, mankhwala amene ali mu khofi, ali pachibale ndi mankhwala ena akale a mphumu otchedwa theophylline, amene wasayansi wa ku Germany Albrecht Kossel anawapeza m'masamba a tiyi mu 1888, ndipo kwa zaka zambirimbiri madokotala ankawadalira potsegula njira za mpweya. Ukamwa khofi chiwindi chimaphwanya kafeini uja, ndipo kagawo kakang'ono, pafupifupi 4 pa 100 alionse, kamasanduka theophylline weniweni. Kafeini payekhanso amamasula pang'ono timinofu tozungulira timachubu ta m'mapapo. Nde amene amati ndinamwa khofi ndinamvako bwino sakunama, ndimamukhulupirira. Koma dziwani kuti theophylline weniweniyo, mkulu wake wa kafeini, masiku ano madokotala anamukankhira kumbuyo chifukwa mlingo wothandiza ndi mlingo wopweteka zimayandikana kwambiri, ukangopyoza pang'ono munthu ayamba kusanza, mtima kugunda mosalongosoka, ena mpaka kukomoka. Ngati mkulu wake anamuika pambali, mng'ono wake wofooka uja tingamupatse bwanji moyo wa munthu?

Ofufuza a bungwe la Cochrane mu 2010 anasonkhanitsa kafukufuku yense wodalirika amene anapeza pa nkhani ya kafeini ndi mphumu. Anapeza maphunziro 7 okha, anthu onse pamodzi 75. Si 75,000 ayi, 75 basi. Anaona kuti kafeini amawonjezera pang'ono mpweya umene munthu amatha kuutulutsa mwamphamvu pa sekondi imodzi, pafupifupi 5 peresenti, kwina kunkaposerako, kwa maola ofika 2, ndipo kusintha kwina kwa kapumidwe kumatha kukhalapo mpaka maola 4. Anthu amenewa anali a mphumu yocheperako ndi yapakatikati, atakhala bwinobwino akupemerera m'makina oyezera, osati munthu woti wagwira khoma akusakasaka mpweya 2 koloko usiku. Ndipo mukudziwa malangizo amene ofufuzawo anapereka pomaliza? Sananene kuti odwala azimwa khofi akabanika. Ananena kuti munthu wopita kukayezetsa mapapo asamwe kafeini kwa maola osachepera 4, kuopa kuti makina angaonetse ngati mapapo ali bwino pomwe sali bwino. Ganizirani zimenezo. Phindu lenileni limene anaona nlakuti khofi akhoza kubisa matenda kwa dokotala.

Ndiye pali nkhani ya nthawi, ndipo apa mpamene ndikufuna tikhalepo, chifukwa mphumu ikavuta chimene munthu amasowa kwambiri ndi nthawi. Salbutamol ukapopera amapita m'mapapo momwemo ndipo amayamba kugwira mkati mwa mphindi 5. Khofi amayenda ulendo wautali, uwiritse madzi kaye, upange, adikire azizire pang'ono, amwe, atsikire m'mimba, alowe m'magazi, ndipo kafeini amafika pachimake m'magazi pakatha mphindi 30 mpaka 60. Ola lathunthu limenelo munthu akubanika, ndipo chimene ukudikiracho nkathandizo kakang'ono kaja. Mlingo wakenso tawerengerani. Kafukufuku wina wa mu 1984 amene anthu amakonda kumutchula, uja anaonetsa kuti kafeini amafanako ndi theophylline pa ana ndi achinyamata, ankapereka mamiligalamu 10 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Munthu wa makilogalamu 60 ndiye kuti mamiligalamu 600. Kapu imodzi ya khofi wofulula imakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 95, uja wa ufa wongosungunula m'madzi amakhala cha m'ma 60, nde tikukamba makapu 6 mpaka 10 kumwa nthawi imodzi, pomwe bungwe la FDA loona za zakudya ndi mankhwala ku America limati munthu wamkulu wathanzi asamapyole 400 tsiku lonse, ndipo ku Ulaya amalangiza amayi oyembekezera kusapyola 200. Munthu woti mtima ukuthamanga kale chifukwa cha phuma ndi mantha, umuwonjezerenso makapu onsewo? Ayamba kunjenjemera, nseru, mtima kugunda ngati utuluka, ndipo mantha akakula kupuma kumavutanso kuposa poyamba.

Komanso mphumu si kufinyika kwa timinofu kokha. M'timachubu muja mumachitika zinthu zitatu, minofu imafinya, khoma lamkati limatupa, ndipo makhololo onanda amatseka njira. Khofi amangokhudzako choyamba chija, mwapang'ono. Kutupako nde muzu wa matenda, kumakhalapo olo tsiku limene munthu akuseka akuyenda bwinobwino, ndipo kapu ya khofi sikuchotsa.

Usiku umene ndikunena uja mchemwali wanga anali ndi zaka 14. Anali ndi chimfine masiku angapo, inhela yake inali itatha ndipo tonse m'nyumba tinkadziwa kuti yatha koma tinkangoti tikatenga mawa, mawa lake osafika. Cha pakati pausiku ndinadzidzimuka ndi kaphokoso, chifuwa chake chikulira ngati likhweru, atakhala pamphepete pa bedi atagwira maondo mapewa akukwera ndi kutsika. Wachibale wathu wina wamkulu amene anagona kwathu tsiku limenelo anati apangireni khofi wakuda, ineyo ndinaonapo zikuthandiza. Ndipo ine ndinavomera, sindingabise, ndine ndinaika madzi pamoto, ndine ndinati tidikire kaye tione. Mwana ankalephera olo kugwira kapu, ukafuna kumeza umayenera kusiya kupuma kaye ndipo iye analibe mpweya woti angausiye, anamwa theka movutikira kenako anasanza. Tinapanganso ina.

Chimene chimandiopsa mpaka lero nchakuti patapita nthawi likhweru lija linasiya. M'chipinda munangoti zii. Tinayang'anana nkumati khofi uja wagwira. Koma mwana sanali kuyankha bwino, ndikamufunsa amangotulutsa liwu limodzi nkupuma, maso akulemera ngati wa tulo, ndipo nditamuunika ndi tochi ya foni ndinaona milomo yatuwa, mkati mwa milomo mulibe kufiira kuja. Apo mpamene tinathamanga. Kuchipatala anamuika pa okosijeni ndi nebulaiza, makina opumitsa mankhwala ngati nthunzi, anamubaya mankhwala ochotsa kutupa, ndipo nesi amene anatilandira anandifunsa kuti zayamba nthawi yanji, nditamuuza anangondiyang'ana kenako anandifotokozera modekha kuti chifuwa cha wa mphumu chikasiya kulira iye akadali kubanika ndiye kuti mpweya wolowa wachepa mpaka sukuthanso kupanga phokoso. Zii amene ife tinasangalala naye uja chinali chizindikiro choti mwana akupita. Anachira, lero ndi mayi wa ana ake. Koma ola ndi theka limene tinataya pa ketulo lija sindimaliiwala.

Ndipo si ife tokha amene timadikira. Ku UK mu 2014 a bungwe la madokotala la Royal College of Physicians anatulutsa lipoti atafufuza imfa 195 za anthu a mphumu, ndipo anapeza kuti 45 peresenti anamwalira asanapemphe thandizo lachipatala kapena thandizolo lisanawafikire. Dziko loti ambulansi ukaimba imabwera, koma anthu anafera kunyumba. A WHO amati mu 2019 anthu pafupifupi 262 miliyoni anali ndi mphumu padziko lonse ndipo 455,000 anamwalira nayo, ambiri mwa iwo m'maiko osauka kumene matendawa sapezeka msanga komanso mankhwala amasowa. Khofi payekha sindikuti ndi poizoni. Chimene amachita nkukupatsa chifukwa chodikira, umamva ngati ukuchitapo kanthu, manja ali bize, ndipo nthawi ikupita.

Tsono tizifunsane chilungamo, nchifukwa chani anthu amathamangira khofi? Ena nchifukwa choti inhela palibe, yatha kapena sangaikwanitse, amenewo ndiwakambe pansipa. Koma ambiri amene ndacheza nawo inhela amaiopa. Ndamvapo kuti ukayamba inhela sungasiyenso, thupi limazolowera. Ndamvapo kuti inhela ndi ya munthu woti matenda afika posauzana, kuti imafooketsa mtima, kuti mwana ukamuyambitsa adzakula wofooka. Achinyamata ena amachita manyazi kuitulutsa pagulu. Nde khofi amaoneka wachilengedwe, wapakhomo, wosachititsa manyazi. Koma abale anga, inhela siyambitsa chibaba ngati fodya. Munthu amaigwiritsabe ntchito chifukwa mphumu ikadalipo, chimodzimodzi wovala magalasi a maso, sikuti magalasiwo amuzoloweza, maso ake ndi amene akufuna thandizo. Kupopera kamodzi kwa salbutamol ndi mamaikulogalamu 100, kachigawo kamodzi mwa magawo 10 a miligalamu imodzi, ndipo kamapita pamalo penipeni pamene pali vuto. Khofi uja ndi mamiligalamu mazanamazana oyenda thupi lonse, ubongo, mtima, m'mimba, impso, kuti kachigawo kochepa kafike kumapapo. Ngati nkhawa yanu ndi yoti thupi lisadzaze mankhwala, inhela nde yochepa mankhwala. Kafeini nayenso ndi mankhwala, kungoti timamumwera m'kapu, ndipo pa ziwirizi amene thupi limamuzolowera mpaka mutu kupweteka ukamusiya ndi kafeini.

Wina andifunsa, ndipo funso lake nlabwino, kuti nanga ngati ndili kutali, inhela palibe, galimoto palibe, ndingokhala manja lende? Sindinganene kuti kapu ya khofi kwa munthu wamkulu amene chifuwa changomugwira pang'ono, akuyankhula bwinobwino, akutha kumeza, ndi tchimo. Mwina imuthandizako pang'ono. Koma amwe thandizo likufunidwa kale, wina atathamanga kale kukasaka transipoti kapena kukabwereka inhela, osati amwe kenako tonse tikhale pansi tione ngati zisinthe. Kusiyana kwake nkumeneko ndipo nkwakukulu. Ndipo ngati munthu sakutha kumaliza chiganizo osapumira, milomo kapena lilime zatuwa kapena zachita buluu, akuwodzera kapena kusokonezeka, khungu la pakati pa nthiti ndi pakhosi likulowa mkati akamakoka mpweya, musamupatse chakumwa chilichonse, akhoza kutsamwa nacho nkulowa m'mapapo momwe muli kale mavuto. Mwana wamng'ono nde ayi ndithu, thupi lake ndi laling'ono kafeini amamupweteka msanga, ndipo ana amafooka mofulumira kuposa mmene timaganizira. Amene akumwa kale mapiritsi a theophylline asayerekeze kuwonjezera khofi wambiri, ziwirizi zimaphwanyidwa ndi njira imodzi m'chiwindi nde zimaunjikana m'magazi.

Chimene ndikanakonda chizizungulira m'mafonimu m'malo mwa uthenga wa khofi uja ndi ichi. Munthu akabanika mukhazikeni tsonga, asagone chagada, mumasuleni zothina, mukhale naye modekha. Gwedezani inhela yabuluu ya salbutamol ija, apopere kamodzi, apume, dikirani masekondi 30 mpaka 60, apoperenso, mpaka ka 10 ngati pakufunika, ndipo ngati sizikusintha kapena zikukula nyamukani, osadikira kuche. Inhela imagwira bwino kwambiri ikadutsa mu spesa, kachubu kaja koika pakati pa inhela ndi pakamwa, chifukwa munthu wobanika zimamuvuta kupopera ndi kukoka mpweya nthawi imodzi. Ngati spesa palibe, madokotala a ku Cape Town motsogozedwa ndi Heather Zar anaonetsa mu 1999 kuti botolo la pulasitiki la mamililita 500, loboola kumatako kwake nkulowetsamo inhela mothina bwino, limagwira ntchito ngati spesa yogula pa ana a mphumu. Ngati tikufuna nzeru yapakhomo nde imeneyo, yoyesedwa, yotchipa, ndipo ikuthandiza mankhwala enieni kufika kumene akufunika. Pemphani adokotala kapena anesi akuonetseni kapangidwe kake tsiku loti muli bwino, musadzayambe kuphunzira usiku wa mavuto.

Ndiponso olo inhela yabuluu yomweyo payokha siyokwana, izi ambiri sitinauzidwe. Kuyambira 2019 bungwe la GINA limene limalemba malangizo a mphumu padziko lonse linasiya kulimbikitsa zoti achikulire ndi achinyamata azingodalira salbutamol yekha, linati aliyense azilandiranso mankhwala opopera ochotsa kutupa aja, monga beclometasone kapena budesonide, chifukwa kumangotsegula njira osachiza kutupa kumaika munthu pachiopsezo cha kubanika koopsa. Tsono ngati salbutamol, amene ndi wamphamvu komanso wachangu kutalitali kuposa kafeini, akuti payekha sakukwana, khofi angakwane bwanji? Munthu amene m'mawa uliwonse amadzuka chifuwa chili chothina nkumati ndikamwa khofi wanga chimamasuka, kapena amadzuka usiku ndi chifuwa kangapo pamwezi, mphumu yake sikulamulirika ndipo akufunika kukaonana ndi adokotala. Khofi akungomuphimba m'maso kuti asaone mmene zinthu zikuipira.

Sindikuti a mphumu asiye khofi. Mchemwali wanga amamwa m'mawa uliwonse ndipo amamukonda, palibe vuto. Ongofunika kusamala ndi amene khofi amawadzutsira chilungulira, chifukwa asidi wa m'mimba akamakwera kukhosi amatha kuputa chifuwa makamaka usiku, komanso amene amagwira ntchito m'fumbi la nyemba za khofi zosakazinga, fumbi limenelo limadziwika kuti limayambitsa mphumu kwa ena. Ndipo tsiku lokayezetsa mapapo musamwe, kumbukirani maola 4 aja, tiyi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija nazonso zili ndi kafeini.

Amene ananditumizira uthenga uja ndinamuimbira foni, ndinamufotokozera za usiku uja, zoti chifuwa chinasiya kulira ife nkumasangalala. Anakhala chete kanthawi kenako anandiuza kuti mwana wa mlongo wake naye ali ndi mphumu, ndipo uthengawo anali atawatumizira kale makolo ake a mwanayo. Ndinamupempha awaimbire tsiku lomwelo awafunse ngati inhela ya mwana ilipo, ngati muli mankhwala, komanso ngati onse m'nyumbamo akudziwa pamene imakhala. Anandiyankha madzulo kuti inalipo koma inali itatha mphamvu chaka chatha, ndipo mawa lake anapita kukatenga ina.